Thovu la pa Chitsime 14

Lolemba, 3 Malichi
Kuno ku Soyo, kutentha. Fani ya mu labu yafanso. Ndayesa kachinayi mankhwala a thovu amene anagula Bwana Dombele. Kachidutswa ka mwala wa pa Chitsime 14, chitsime cha mafuta, ndi madzi ake enieni apansi, otentha, amchere. Thovu kudzuka bwinobwino, mphindi makumi awiri laphwa. Ntchito yake n'kutseka ming'alu ya mwala kuti mpweya umene timapopera pansi usamathawiremo, uzikankha mafuta. Ili silingatseke ngakhale mphuno ya khanda.

Lachitatu, 5 Malichi
Dombele wabwera ndi pepala. Akuti ndibwereze ndi madzi a pampopi kuti zioneke bwino, ndisaine. "Iwe Makiesse ndiwe woyeza chabe, zoganiza utisiyire ife." Ndati pansi pa nthaka palibe mpopi, bwana. Anzanga onse maso pa makompyuta, zii. Sindinasaine.

Lachinayi, 6 Malichi
Ku kantini. Kota Nzuzi, mkulu wa mapampu pa 14, zaka makumi atatu pa chitsime chomwecho: "Mayi wa sopo! Mutichapira liti chitsime?" Onse kuseka. Kenako chapansipansi: "Mwana wanga, ingosaina. Popanda thovulo atitsekera, ife ulendo wa kunyumba." Ndawauza kuti ndikanama, mwalawo sunama nane limodzi.

Lamlungu, 9 Malichi
Tachokera kutchalitchi ndi mwamuna wanga Lufuma. Tikufika kunyumba, iye: "Ana awiri, iwe uli pa makani." Anandikwatira akudziwa.

Lolemba, 17 Malichi
Wasaina wina. Ine andisamutsira kosungira miyala. Fumbi, mabokosi, abuluzi. Akuti ndikapumuleko. Chabwino. Kope langa ndatenga. Muli kasakanizidwe kanga ka thovu ka mu Januwale, ka mankhwala awiri otsala m'mabotolo. Dombele anakana n'kukaona komwe, poti si amene anagula iye.

Lachisanu, 2 Meyi
Apopera thovu lawo milungu itatu. Mpweya ukutulukabe ngati kale, mafuta kadontho. Ndimayesa ndidzavina tsiku limeneli. Ayi. 14 itsekedwa kumapeto kwa mwezi, anthu khumi ndi awiri kunyumba. Kota Nzuzi andidutsa pageti osandipatsa moni. Ndalirira kuseri kwa mabokosi, pang'ono. Ndikanasaina sizikanasintha kanthu. Ndalemba kawiri kuti ndikhulupirire.

Lachisanu, 9 Meyi
Masana, phokoso pakhomo. Kota Nzuzi, thukuta thupi lonse, zigubu ziwiri za madzi a pa 14, akadali ofunda. "Kodi iwe umadziwa kukana kokha? Akuti uli ndi sopo wakowako. Tiye tione." Ndati kiyi wa labu anandilanda. Iwo: "Loweruka kulondera mphwanga, atitsegulira."
Akandigwira ntchito yatha. Ndamuuza Lufuma. Iye: "Udzatenge chakudya, ungakomoke kumeneko."

Loweruka, 10 Meyi
Talowa mu labu ili 7 m'mawa, kukayesa thovu langa. Mwala womwewo, madzi omwewo, kutentha komweko, sindinachepetse kalikonse. Mphindi makumi awiri, lilipo. Ola limodzi, lilipo.
Tsopano 2 koloko yakwana, geji yoyezera mphamvu ya thovu sinatsike. Kuyesa kumodzi si umboni, ndikudziwa, ndibwereza mawa. Koma lipoti ndikutumiza ndekha kulikulu ku Luanda, kumudumpha Dombele, dzina langa pamwamba. Ofuna kundichotsa ayambe awerenga.
Kota akhala pa ndowa kuyambira m'mawa, maso pa kagalasi koonera thovu, chakudya sanakhudze. Ndimati ndiyandikire ndiwerenge geji, andikwezera dzanja: "Pang'onopang'ono, Injiniya. Osapuma mwamphamvu, mungaliphwetse."