Chala Chopanda Inki

Lachinayi, 23 Meyi 2024

Chisankho alengeza dzulo, akuti 4 Julayi. Ine osalabada, za eni dziko. Koma pa lanchi Mehrunisa, mnzanga wa makina oyandikana ndi anga kufakitale, wandifunsa ngati ndinalembetsa. Ndaseka. Ine? Akuti Malawi ili mu Commonwealth, ndiye amene ali ndi mapepala okhalira kuno amavota. Anga anatuluka mu Febuluwale. Ndafufuza pafoni m'basi, kufufuzanso nditatsika. Zoona! Zaka zonse zija zokasaina ku ofesi ya boma yoona za obwera m'dziko, mutu pansi ngati mkamwini, lero akufuna amve kwa ine woti alamulire. Masana ndasoka kolala mozondoka. Ndayimasula ndikuseka ndekha.

Loweruka, 1 Juni

Ndalembetsa. Charlotte ndiye amadina pafoni, ine kumangoyankha mafunso. Mwana wanga yemwe, kundikalipira kuti ndikuchedwa.

Kenako m'tauni. Mehrunisa watitengera pa chiboliboli cha Alice Hawkins pafupi ndi msika. Ndadutsapo kambirimbiri, ndinkangoti ndi wina wa kubanja lachifumu. Kani mayi wosoka nsapato m'fakitale, mommuno mu Leicester! Wa makina ngati ine. Ana pakhomo, ntchito m'mawa, koma kumaima pamsika n'kumakuwa kuti akazi azivota. Kumangidwa kangapo, kutuluka, kuyambiranso. Dzanja m'mwamba ngati akuimitsa basi. Charlotte watilongosolera za kusukulu, m'Chingerezi monga mwa masiku onse: mu 1918 analola akazi ena okha, azaka makumi atatu kupita m'mwamba, a nyumba kapena katundu. Enawo anadikira mpaka 1928. Ndagula riboni wa mitundu yawo, wapepo, woyera, wobiriwira. Ndamanga pachikwama.

Lamulungu, 9 Juni

Sindikudzimvetsa. Mapemphero atatha, pa tiyi, ndaimirira n'kuuza amayi onse za kulembetsa. Ine amene ngakhale pemphero lotsekera ndimalithawa. A Elisha, mkulu wa mpingo, andidula. Ati kulembetsa n'kudzipereka wekha m'manja mwa boma, mapepala angawaunikenso. "Mlendo salowerera za eni mudzi," atero. Pakamwa panga pangotuluka kuti nanga odula msonkho pamalipiro anga bwanji sanditcha mlendo. Amayi kuseka m'zikhatho. Ine ndakhala pansi.

Kukhitchini, potsuka makapu, atatu abwera mmodzimmodzi, monong'ona. Wowagwirira mafoni Melissa. Melissa wa ku Mulanje, wa msewu wathu womwewu, tinadziwana pamzere wokasaina. Nkhani yake sinathebe, kuvota sangavote. Koma changu chake kuposa changa.

Pobwerera mantha pang'ono. Nanga a Elisha atakhala akunena zoona? Ndawerenganso. Ayi, lamulo likulola.

Lachiwiri, 18 Juni

Tsiku lomaliza kulembetsa. Pabalaza panga ngati ofesi. Ambiri wabwera nawo Melissa, ena wawatola m'shopu ya ufa ndi usipa. Wina wa ku Chipata, Chinyanja chake chokoma. Pomaliza kugogoda kwapansipansi. Akazi awo a Elisha! Duku mpaka m'maso. "Musawauze bambo," basi mawu okhawo. Alembetsa, amwa tiyi, apita.

Ndaimbira amayi ku Balaka. Aseka mpaka kutsokomola. Andikumbutsa za 1993, pamene ananditenga pamzere wa riferendamu, dzuwa phwee, ine kulira ludzu. Nyali kapena tambala wakuda. Abambo anawauza tambala, iwo anakaponya nyali, n'kubwera kudzaphika ngati palibe chachitika. Sanawauze mpaka kumwalira kwawo. Lero ndi pamene ndamva.

Lachisanu, 28 Juni

Timapepala ta zipani tadzaza pakhomo. Madzulo ine ndi Melissa kutiyala patebulo. Iye kuwerenga mpaka tizilembo ting'onoting'ono, kutsutsa, kumenya tebulo. "Fiona, theka la voti yakoyo ndi langa, usaiwononge." Takangana kwenikweni. Iye akufuna uyu, ine uyo. Tagwirizana mochedwa, ndipo ndagonja ndine.

Dzana kunabwera mnyamata wa chipani china, kabaji pachifuwa. Kale wina akagogoda ndinkazimitsa wailesi, kubisala kuseri kwa katani. Dzana ndinatsegula chitseko chonse. Ndinamufunsa chifukwa chake munthu amadikira yankho la mapepala zaka ndi zaka osaloledwa kugwira ntchito. Anachita chibwibwi, analemba m'kabuku, anathokoza kawiri. Kundithokoza ine!

Lachinayi, 4 Julayi

NDAVOTA.

M'mawa, shifiti isanayambe. Diresi la kutchalitchi, nsapato zothina. Holo ya pasukulu, mzere waufupi, opanda apolisi, opanda nyimbo. Ndapereka khadi, mayi wa patebulo wayang'ana nkhope, wapeza dzina langa. Lilipo, Fiona Chikoti, lolembedwa bwinobwino. Kapensulo komangirira chingwe. Ndachonga, mtanda watuluka wokhota. Ndaponya. Kenako ndaima chala chili m'mwamba kudikira inki. Mayi uja kundiyang'ana modabwa. Kuno kulibe inki! Manyazi, kuseka, misozi, zonse pamodzi.

Panja Melissa kudikira pageti. Nthungululu, mpaka agalu a anthu kuuwa. Nditamuuza za inki, watulutsa bolopeni, wandipaka chala mpaka chikhadabo chonse kuda. Akuti akapanda kutero amayi ku Balaka sakhulupirira. Tajambula, tatumiza. Kuntchito Mehrunisa wabwera ndi samusa, tadya ngati ukwati.

Lachisanu, 5 Julayi

Wathu sanapambane. Melissa akuti ndinakhotetsa mtanda n'chifukwa chake. Ine ndidakali m'mwamba. Inki yatsalira m'mbali mwa chikhadabo, sindikukhula.

Lachitatu, 10 Julayi

Melissa anapita kokasaina dzulo. Sanabwere. Foni yozima tsiku lonse. Lero waimba pa nambala ina, mawu ang'ono. Amusunga. Sakudziwa kumene amupititse. Wapempha mankhwala ake a BP ndi juzi.

Ndinakhala pansi m'chimbudzi cha kuntchito. Thupi lonse linabwerera kumzere kuja. Maganizo oyamba: khala chete, mapepala ako ndi atsopano. Mehrunisa anandipeza. Anati phungu ali ndi ofesi, ndiimbe. Ndinati si amene ndinamuvotera. "Sakudziwa, ndipo zilibe ntchito. Ndi wantchito wako."

Ndinaimba. Mawu anatuluka. Ndinati ndine wovota wa m'dera lino, mnansi wanga watsekeredwa, ndikufuna kuonana ndi munthu. Sanadule foni. Ati mawa. Loya wa Melissa ndamuuzanso. Charlotte walemba zonse m'Chingerezi chabwino, osandikalipira ngakhale kamodzi. Shifiti ya mawa ndaikana, koyamba chiyambire ntchito. Bwana nkhope gwa. Zake zimenezo.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndikulemba pabondo, pabenchi ya muofesi ya phungu. Ndimati ndikhala ndekha ndi Charlotte. Tadzaza benchi yonse. Wa ku Chipata wabwera ndi mwana kumbuyo. Mehrunisa wathawa lanchi. Akazi awo a Elisha ali apa, duku alikankhira kumbuyo, ndipo wowabweretsa pagalimoto ndi bamboyo. Ali panja, akuti angodikira.

Chitseko chatseguka. Akuitana dzina langa.