Andiitana kukayesedwa ku timu ya dziko, koma m'chikwama muli kabotolo

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi chimwemwe chachikulu. Ndine mtsikana wonyamula zitsulo, ndipo sabata yatha mphunzitsi wathu anandiuza kuti andiitana ku mpikisano wosankha timu ya dziko. Ine amene! Ine wogulitsa misomali ndi penti m'sitolo, amene ndinayamba masewerawa chifukwa anyamata a pagalaja anandiona ndikutsitsa matumba a simenti m'lole n'kunena kuti, "Achemwali, mphamvu zimenezi mukungozitaya."

Timachitira masewera m'kachipinda ka kuseri kwa galajayo. Kalilole ndi wong'aluka, benchi tinaimanga ndi waya, koma tsiku lomwe uthengawo unafika anzanga anandinyamula mpaka ndinagunda mutu kudenga. Bambo anga, amene poyamba ankati zitsulo ndi za amuna, auza msewu wonse. Ngakhale wowameta tsitsi akudziwa. "Mwana wanga akwera ndege," amatero, chonsecho sanandisankhe n'komwe.

Nkhani yavuta apa. Pali mkulu wina timamutcha Chigumula, anali katswiri kalelo. Anandikokera pambali n'kundipatsa kabotolo ka mapiritsi kopanda dzina. Anati, "Mlongo, kumeneko aliyense amamwa. Wosamwa amangopita kukaombera anzake m'manja. Udzasiye oyeza mankhwala m'thupi akayandikira, sadzakugwira." Ndinaseka, koma kabotoloko sindinabweze.

Ndaonera mavidiyo a atsikana amene ndikapikisane nawo, mapewa ngati zitseko! Ine phewa langa lakumanja limandiwawa, zaka nazo zikupita. Ndikaganiza zobwerera kusitolo chimanjamanja, makasitomala akufunsa kuti, "Nanga ndege ija?" mtima umangoti phwii. Sindine wachinyengo, Aphungu. Koma m'mutu muli kamawu kakuti, imwa pano pokha, ukalowa timu usiya. Kodi ngati onse akumwa, ine ndikamwa ndabera kapena ndangofanana nawo?

T.M.K.

Achemwali T.M.K.,

Choyamba ndikuombereni m'manja! Kuchoka pa matumba a simenti mpaka kuitanidwa ndi a timu ya dziko si zamasewera. Ndipo gwirani ichi: anakuitanani musanamwe piritsi ndi limodzi lomwe. Chimene anaona ndi inuyo.

Tsopano tikambe mosapsatira. Kabotoloko sikakukukopani chifukwa muli ndi mphamvu zochepa ayi. Kakukukopani chifukwa muli ndi mantha, ndipo mantha anu si a zitsulo. Mukuopa nkhope ya bambo, mukuopa funso la makasitomala. Anthu akusankhani kale a timu asanakusankheni, ndiye kulephera kukuoneka ngati imfa. Munthu akafika pamenepo amayamba kudzinyengerera ndi timawu tokoma, monga tomwe mwalembati.

Mwati aliyense amamwa. Anawawerenga ndani? Chigumula analowa m'zikwama za atsikana onsewo? Mawu amenewo ntchito yake ndi kugoneka chikumbumtima basi. Nawonso atsikana a mapewa ngati zitsekowo mwina akuonera vidiyo yanu, akukuopani.

Nanga zoti mukalowa timu musiya? Achemwali, pamenepo m'pamene simungasiye. Mukapambana ndi mapiritsi, mtima wanu udzati apambana ndi mapiritsi. Tsiku lomwe mudzafune kunyamula opanda iwo, mudzaima kutsogolo kwa chitsulo osadziwa kuti mphamvu zanu zenizeni zimalekezera pati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitani izi. Mawa lomwe kabotoloko kachoke m'chikwama. Kaperekeni kwa mphunzitsi wanu ndipo muwauze amene anakupatsani. Si miseche imeneyo, pali atsikana ena m'kachipindamo amene Chigumula adzawakokere pambali. Mphunzitsi akayankha mozemba, dziwani kuti nayenso si wodalirika, kauzeni dokotala wa bungwe la masewero anu.

Phewalo likaonedwe kuchipatala sabata ino. Musalibise poopa kuti akusiyani. Ululu wobisa ndi umene umatuma munthu kwa ogulitsa mapiritsi. Ndipo kuyambira lero, mankhwala alionse, ngakhale a chifuwa kapena ufa wa m'zitini womwe amati ndi wolimbitsa thupi, muzifunsa kaye dokotala. Oyeza safunsa kuti anakupatsani ndani, amangoona zili m'thupi mwanu.

Kenako khalani pansi ndi bambo. Auzeni kuti, "Ababa, kunyadira kwanu kumandisangalatsa, koma kwayamba kundilemera. Ndikukayesa, mwina ndipambana, mwina ayi." Mudzadabwa. Makolo ambiri amafuula chifukwa cha chikondi, osadziwa kuti aika mwala pamsana pa mwana.

Chenjezo langa ndi ili: mapiritsi opanda dzina simudziwa muli chiyani. Ena a mtundu umenewu amawononga chiwindi ndi mtima, amasokoneza msambo, amameretsa ndevu ndi kukulitsa mawu, ndipo zina mwa izi sizibwerera ngakhale mutasiya. Akakugwirani, chiletso chochita masewera chimatha kudya zaka zomwe mukuti zikupitazo, ndipo Chigumula sadzakhalapo kuti akuyankhireni.

Pitani mukanyamule, achemwali. Mukasankhidwa, vinani mpaka nsapato zithe. Mukapanda kusankhidwa, mudzabwerako mukudziwa polekezera panu, ndipo pamenepo m'poyambira chaka chamawa. Dzina lanu likadzaitanidwa, mudzakwere pabwalo paja ndi mtima wosaopa woyeza aliyense wovala jasi loyera.

Aphungu