Mpaka Atamaliza Masitazi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno ku Kawale tikudzuka ndithu.

Bambo a kunyumba, a Malizani, akupitiriza sukulu yawo ya masitazi ija. Masana ali kuntchito, akaweruka ali m'kalasi. Loweruka anzawo amabwera kudzawerengera pakhomo pano. Ndikawapatsa tiyi amati, "Zikomo alamu," basi n'kubwerera ku Chingerezi chawo. Ine ndimakakhala kuseri, wailesi nditazimitsa kuti ndisawasokoneze.

A Malizani sandizunza ayi. Anangonena kuti, "Emily, nkhani zonse ziyambe zadikira, ndimalize kafukufuku wanga." Kafukufukuyo akuti atha chaka chamawa.

Koma azakhali, masiku ano fungo la usipa likundinyansa, ndipo ndayamba kugula dothi lija amagulitsa mumsika. Mayi a nyumba yoyandikana ayamba kundiyang'anitsitsa ndikamachapa. Sindikudziwa zoyenera kupewa. Amayi akanakhala moyo ndikanawafunsa, ndipo paja kwathu nkhani yotere amayamba kuimva ndi akuluakulu.

Chonde mukatha kukolola mubwere, mudzawauze ndinu a Malizani. Ine ndikaima pakhomo la kuchipinda, n'kuwaona ataweramira kompyuta, ndimangobwerera kuseri.

Ndine mwana wanu,
Emily