Mkanda wa Amayi Uli M'khosi mwa Lenia

Kapata, Chipata
4 Malichi 1996

Wokondedwa mng'ono wanga Ketilina,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga ukuwira.

Ukuukumbuka mkanda wa malemu amayi, uja anawapatsa dona wa ku mishoni? Wakalekale uja, wopangidwa ku Ulaya motengera za Aigupto, wokhala ndi kachikumbu kagalasi kosinthasintha mitundu ngati khosi la nkhunda. Ndinauvala pa ukwati wanga, ndipo ndinalonjeza mwana wanga Hazel kuti adzauvala pa wake mu Ogasiti.

Pa maliro a bambo a Hazel sunathe kubwera, ndiye zina ndinakubisira. Abale awo atanyamula mipando, wailesi ndi makina osokera, mlamu wanga Lenia anapisa m'sutikesi mwanga. Anaonetsa mkandawo kwa anthu onse nati kachikumbuko ndi chithumwa, ndi kamene ndinaphera mlongo wake. Akuti mkazi wosunga zotere mwamuna wake sakhalitsa. Analumbira kuti akautaya m'chimbudzi. Ine ndinangozyolika pamphasa. Mpaka lero amayi ena salandira madzi m'manja mwanga.

Iwe, ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni ndamuona Lenia ndi maso angawa. Chimbudzi chija ndi khosi lake! Kachikumbu nyezinyezi padzuwa, mwini wake akuyenda monyang'wa.

Tsono tamvera. Amuna ake, a Alfonsi, ali gone, ndipo alongo awo abwera kudzadwazika, akufunsana kumene yachokera nthendayi. Bambowo sindiwafunira zoipa, achire ndithu. Koma Lamulungu ndikupita kukawazonda. Ndikapereka moni kwa aliyense, ndikakhala pansi bwinobwino, kenaka ndikafunsa mofatsa: "Alamu, kanthu kaja munati kanapha alongo anu, mukukasungiranji m'nyumba mwa amuna anu?"

Asankhe yekha. Avomere pagulu kuti ndi galasi chabe ndipo anandinamizira, kapena alaweko zimene anandimwetsa ine. Kulikonse kumene angathawire, mkandawo sagona nawonso.

Chonde usandilembere mavesi a chikhululuko, ndikuwadziwa onse. Ungowauza atelala ako aja kuti diresi la Hazel alisoke lotsegula pakhosi.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako,
Ireen