Tiurma Wabwera ku Tchuthi

Medan, 9 Julaye

Achemwali a Rospita,

Ndikhulupirira mwendo uja wapola. Kuno tili bwino, mvula yokha ndiyo yatitopetsa.

Mwana wathu Tiurma wabwera ku tchuthi, wakhozanso bwino. Akuti ku koleji ya mpingo kuja mapemphero a m'mawa anatha, m'tchalitchi amangolemberamo mayeso. Lamulungu masana, nsomba ili patebulo, ndinamuuza kuti atipempherere monga kale. Anazyolika, kenako anati, "Bambo, pempherani ndinu. Ine ndikapemphera ndikhala ndikukunamizani." Ndinapemphera, koma mawu ankandithawa. Mayi ake anali kukhitchini, ndipo mpaka lero sindinawauze.

Ndamva kuti mwagula kale nsalu ya mkanjo wa ubusa wa Tiurma. Musaidule kaye, achemwali. Zina tidzakamba pamaso.

Ndine mlongo wanu,
Parulian