Nsapato za Bambo Ake a Mi-ran

Lolemba, 7 Okutobala 2019

Mphepo yozizira kuchokera kuphiri. Bondo lakumanzere layambanso.

Abwera anthu a ku Seoul pa minibasi yoyera. Amangirira chinsalu pa holo yathu ya okalamba: "Maphunziro a Kanema kwa Anthu a M'madera Otsalira." Otsalirawo ndiye ife. Nyumba zawo zinkafunda ndi malasha amene ankakumba amuna athu, lero atipezera dzina.

Mphunzitsi ndi a Pyo, koma ati tiziwatchula a Dayirekita. Mpango m'khosi, chonsecho m'holo muli mbaula. Tsitsi lomanga kumbuyo ngati la mdzukulu wanga. Ati, "Ndabwera kudzakupatsani mawu." Bong-nyeo wa nyumba yoyandikana nane m'manja phu phu phu. Mkazi woti akamakalipira galu amamveka mpaka kusiteshoni ya sitima, eti amupatsenso mawu.

Ndalembetsa. Akubwereketsa kamera, ndipo ine kamerayo ndili nayo ntchito.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kuchipatala ku Taebaek, basi yam'mawa. Amuna anga, bambo ake a Mi-ran, aonda. Kapaipi ka mpweya m'mphuno, chifuwa chikulira ngati ketulo. Fumbi la mumgodi likalowa m'mapapo silituluka. Chiwagonekereni mu Malichi sanaionenso nyumba yawo. Mafunso okhaokha: galu akudya? Denga likudontha? Mbatata ndakumba? Ndawauza kuti ndiwajambulira zonse adzionere okha. Aseka mpaka kutsamwa. "Iweyo? Wokanika ndi kuyatsa wailesi komwe?"

Pofika kunyumba ndayang'ana pamwala wapakhomo, monga mwa masiku onse. Nsapato zawo zofiirira zilipo, zaloza m'kati. Apongozi anga anandiphunzitsa ndili mkwatibwi: mwamuna akavala majombo kupita pansi, nsapato zimene wasiya uzilozetse m'nyumba kuti abwerere. Kuzilozetsa kumsewu ndiye kuti sukumudikiranso. Mgodi unatsekedwa kalekale, koma chipatala nachonso ndi dzenje.

Lolemba, 14 Okutobala

Phunziro la lero. Osagwedeza dzanja. Osajambula moyang'ana dzuwa. Osalankhula uli kuseri kwa kamera. Malamulo ambirimbiri kuposa a kutchalitchi.

Kunabwera bwana wa ku boma kudzajambulitsa nafe. Wanyamula kamera chotsekera chili chitsekere, mano onse panja. Wangotha kujambulitsa, ulendo. Tiyi wake tamwa ife.

Kenako aliyense anene nkhani yake. Wina maluwa ake, wina gulu lathu lovina Lachitatu. A Dayirekita kuyasamula. Nditangotchula kuti amuna anga ali kuchipatala ndi mapapo, maso awo anawala ngati a galu wanga akamva chivundikiro cha poto. "Amayi, nkhani ndiye imeneyo! Tikawajambule akutsokomola, kamera pafupi." Ndawauza kuti amuna anga amatsokomola okha, safuna owonerera.

Bong-nyeo anabwera atapotetsa tsitsi, milomo psuu. A Dayirekita am'bweza kuti akavale "zovala zenizeni." Wabwera ndi buluku lolimira lobooka pabondo, akumwetulira. Ndachita manyazi m'malo mwake.

Loweruka, 19 Okutobala

A Dayirekita kunyumba kwanga, ati kudzandithandiza. Khoma long'aluka, "N'zokongola!" Mulu wa phulusa la malasha, "N'zokongola!" Firiji yatsopano imene anandigulira mwana wanga Mi-ran, aiphimba ndi bulangeti. Umphawi wathu amaunyambita ngati switi.

Ine ndajambula zanga: galu, thumba la mbatata, denga pamene tinamata. Kenako, "Tabweretsani pang'ono, amayi." Kamera yapita. Ndalowa kukhitchini kukaphika chimanga, poti mlendo ndi mlendo ngakhale akhale wotopetsa. Pawindo ndimawaona atagwada pakhomo nthawi yaitali, matako m'mwamba. Ndimati akujambula nyerere.

Adya chimanga mpaka zitsononkho mulu. Ati chimakoma chifukwa n'cha anthu osauka a mtima woyera. Chogula kumsika.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kanema wanga akumudula ndi kumulumikiza ku Seoul, mwini wake ndili kuno ndikusenda adyo. Wanga. Mmene amachitira mwana wamasiye.

Koma pali chimodzi. Ati kanemayo adzaonetsedwa kuchipatala komweko, kwa nkhalamba za mumgodi zogonekedwa kumeneko. Ndakondwa, chitsiru ine. Ndawauza bambo ake a Mi-ran. Anamizira kusasamala, kenako andituma ndidzabwere ndi lezala ndi malaya abuluu.

Loweruka, 2 Novembala



Chipinda chochezera cha kuchipatala chodzaza. Nkhalamba za mumgodi pa njinga zawo za odwala, aliyense ndi botolo lake la mpweya. Bambo ake a Mi-ran kutsogolo, ometa bwino, malaya abuluu. Kanema wa Bong-nyeo kaye: kulira m'munda ndi buluku lija. Anthu aseka, a Dayirekita akwinya nkhope.

Kenako wanga. Galu wangodutsa kamodzi. Mbatata palibe. Denga palibe. Khoma long'aluka, phulusa, nyimbo yachisoni ngati pamaliro a munthu wolemera. Pomaliza pakhomo panga. Nsapato zofiirira, zazikulu kudzaza khoma lonse.

Zaloza kumsewu.

 Kumangomveka mpweya wa m'mabotolo. Nkhalamba zija maso pansi, palibe woyang'ana mnzake. A Dayirekita ayesa kuti anthu agwidwa mtima ndi luso lawo, aimirira, awerama.

Bambo ake a Mi-ran sanandiyang'ane. Akodola namwino kuti awabwezere kubedi. Podutsa pamene ndinakhala anangoti, "Watopa nane, amake Mi-ran. Ukanangonena."

Panja ndawagwira a Pyo pampango. Avomera osachita n'komwe manyazi. Anazitembenuza okha tsiku lija ndikuphika chimanga, ati kuti zionetse munthu amene wapita. "Koma ndinazibwezera mmene zinalili, amayi. Vuto lili pati?" Munthu wophunzira mpaka kunja. Kufunsa kokha kunamukanika.

Lamlungu, 3 Novembala

Ndaimba foni. Akana kuilandira. Namwino akuti chakudya abweza.

Galu sindinamupatse kanthu mpaka masana. Ndinaiwala.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndapita Lolemba, ndapita dzulo, ndapita lero. Nkhope kukhoma. Ndalumbira pa manda a amayi awo kuti si ine. Yankho limodzi: "Ndinaona ndi maso anga. Anzanga onse anaona." Wa bedi loyandikana nawo, amene masiku onse amandipempha kimchi, kabichi wathu wowawasa wa tsabola, wandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Dokotala akuti akapanda kudya mapapo otsalawo sapirira chisanu chikubwerachi. Ndili ndi mantha. Chikwatiwireni sindinaopepo chonchi, ngakhale tsiku limene denga la mgodi linagwa.

Pobwerera, uthenga wa a Pyo pafoni, ndi tizithunzi ta maluwa. Kanema wanga wasankhidwa kukaonetsedwa ku Seoul. Akuluakulu akumeneko akonda makamaka nsapato.

Bong-nyeo wabwera ndi phala la maungu. Tsitsi lija lamasuka. Wakhala pakhomo, wayang'ana nsapato. Wati, "Akanakhala mwamuna wanga wamoyo, kamnyamata kameneko ndikanakamiza mumtsuko wa kimchi." Mkamwa mwake lero mwatuluka chanzeru.

Lachisanu, 8 Novembala

Kamera inayenera kubwezedwa dzulo. Ili pano.

Ndajambula m'mawa. Dzuwa kumaso. Dzanja gwedegwede. Pakamwa osatseka. Ndayambira pansapato: "Taonani, nkhalamba inu! Zaloza kuti? Ndinazilozetsa m'kati mukupita pansi zaka zonse zija, ndidzatope lero muli pabedi lofewa?" Kuchoka apo kwa galu, kumbatata, kudenga, kufiriji yopanda bulangeti, kubwereranso pansapato. Osadula paliponse. Mwina ndinalira pang'ono, kamera imaloza pansi.

Kuchipatala ndangowaikira kamera pabulangeti, ndadina, ndakhala pampando. Mawu anga kumveka wodi yonse. Atembenuka pang'onopang'ono. Aigwira ndi manja awiri, aonera mpaka kumapeto. Ayambiranso.

Ati, "Chithunzi chapendekeka."

Ine kuwongola bulangeti.

"Ndipo nsapatozo zatuwa ndi fumbi. Ndidzavale zimenezo?"

Wa bedi loyandikana uja waseka mpaka namwino kuthamanga. Phala la Bong-nyeo adya theka. Theka ndi chakudya.

Loweruka, 9 Novembala

Ndagula polishi yofiirira ndi bulashi. Ndazipukuta pomwepo pamwala, osazinyamula. Dokotala sanalonjeze kanthu. Ine sindinamufunse.

A Pyo aimba kawiri. Akufuna kamera yawo, komanso ndivomere zoti kanema uja apite ku Seoul, ati ndidzakwera sitima yaulere ndi kulandira maluwa papulatifomu. Ndawauza kuti kanema wawoyo sindikumudziwa, kamera adzaitenge okha Lolemba.

Abwere. Adzavula nsapato pakhomo ngati munthu aliyense. Zawozo ndidzazitembenuza ndekha ziloze kumsewu, akuona.