Mwana Ankaidziwa Njira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ntchito kugalaja ikuyenda choncho.

Lamulungu lapitali mayi a mwana anati tikapitidweko mphepo kugombe lina la miyala yokhayokha, kosafika anthu. Akuti anangomva kwa anzawo. Kanjira kake kadutsa m'mphepete mwa phompho, madzi ali pansi. Ine mtima unali m'mwamba, mwana nditamugwira dzanja zolimba, mpaka nsapato yanga inamatuka.

Titafika pamphambano ndinasokonezeka. Mwana uja n'kundikoka, amvekere, "Adadi, si uko! Ankolo amadzera uku, amandinyamula pakhosi." Njira inalidi yomweyo. Kugombeko anathamangira kuphanga lina ngati ndi pakhomo pake.

Mayi ake anaseka, akuti ana amalota. Koma sanandiyang'ane kumaso. Ine ankolo a mwanayu ndimadziwa inu nokha, ndipo inu kuno simunapondeko.

Nsapato ndasoketsa, koma chakudya sichikulowa.

Amayi athu musawauze. Ngati chithunzi changa chija ndili wakhanda chikadalipo, munditumizire. Ndikungofuna ndione makutu, ngati akufanana ndi a mwanayu.

Ndatha ine,
mng'ono wanu.